Matenda Obisala M'mawa

"Dzuwa likapendeka musamandisiye ndekha ndi mwana pabeseni. Manja angawa akumandithawa."

Mable adanena zimenezi kangapo, koma apongozi ake, amene adabwera ku Kawe, mumzinda wa Dar, kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu, ankangoseka.

"Manja kuthawa? Amera miyendo? Ife tinkasambitsa ana titaweruka kumunda."

Lachinayi madzulo zidachitikadi. Mable akumutulutsa mwana wake Yamiko m'madzi, mikono idangoti lefu, mwana n'kubwerera m'beseni chamutu. Apongozi ndiwo adamuvuula akutsamwa.

Sikuti Mable sadapite kuchipatala. Monga aliyense wodziwa mizere ya mu Dar, ankalawirira pa daladala, minibasi ya kumeneko, yoyamba kunyamuka, n'kukakhala phee pabenchi mpaka amuitane. Tsono nthenda yakeyo inali yochenjera: akapuma, mphamvu zinkabwerera. Pofika kwa dokotala, chikope chimene madzulo chinkagwa ngati katani chinkakhala chili tong'o, mawu ali bwinobwino. Adamuyeza malungo, shuga, kuchepa kwa magazi, osapeza kanthu. Ataonetsa chithunzi cha chikope chakugwacho pafoni, adamuuza kuti kutsinzina aliyense amatha.

"Ni uchovu tu, mama," ankatero dokotala. Kutopa chabe, ati.

Namwino wina ndiye adamunong'oneza pakhomo kuti kuli matenda otchedwa myasthenia gravis, ofooketsa minofu munthu akamagwira ntchito, koma sangamutumize kwa katswiri wa mitsempha dokotala asanaone ndi maso ake.

Ralph, mwamuna wake, atabwera kuchokera kophera ng'ombe ku Vingunguti, adamva nkhaniyo ali chiimire, jombo zili kumapazi.

"Amake Yamiko, amayi akwera basi mawa. Apita naye mwanayu mpaka mupeze bwino."

"Akadayamwa," adatero Mable. "Pepani amayi, sindinachite dala. Ine…"

Nsagwada zidalema. Mawu otsalawo adatulukira m'mphuno, osamveka mutu wake.

"Wamva wekha, Ralph? Ngati wachokera kumowa," adatero apongozi uku akupinda matewera. "Pepani sapoletsa chilonda, mwananga. Madokotala onsewo akuti uli bwino. Ndiye tikhulupirire ndani?"

Ralph adawerama n'kuyamba kuvula jombo.

Mable adalowa kuchipinda. Pagalasi, diso lakumanja linali litatsekeka theka, ndipo zitseko ankaziona ziwiriziwiri. Nkhope imeneyi ndi imene dokotala ankafunika kuiona, koma pofika m'mawa ikhala itabisalanso.

Adayang'ana chitenje chimene chinali pamsomali. Manja atha kumutaya munthu, koma mfundo yomanga bwino siitopa.

Adaika nsapato zake zafulati pansi pa bedi, mbali imene amagona. Anthu asanadzuke, amubereka Yamiko n'kutuluka. Daladala sakwera. Ayenda wapansi msewu wonse mpaka kuchipatala, ndipo benchi lija saliyandikira. Akaima pakhomo pa dokotala, mwana kumsana, mpaka chikope chigwe iwo akuona.