Tsamba Lomwe Amayi Anafuna Lichoke

Mzime anagwedezanso chala pa kompyuta ya amayi ake, galasi lomwe linayamba kuchita mdima n'kuwalanso. Chiyambire tsiku la maliro ntchito yake inali yomweyi, kuilera kompyutayo kuti isagone. Ikangogona idzafuna mawu achinsinsi, ndipo mawuwo eni ake anapita nawo kumanda.

"Iwe, ukuisisita ngati mphaka," anatero mlongo wake wamkulu, yemwe pakhomopo ankangomuti Chisamba. Ankapinda mabulangete omwe anthu anafunda pabalaza. "Ukadye kaye."

"Sindikumva njala, achemwali."

Foni inanjenjemera patebulo. Bwana. Mzime anangoiyang'ana mpaka inasiya yokha.

Nkhani yake inali iyi. Amayi awo atapuma pa ntchito ya m'laibulale sanapume ayi. Anayamba kulemba mu insaikulopediya ya pa intaneti ija yomwe aliyense amalembamo mwaulere, ndipo kumeneko ankaopedwa koopsa. Ukalemba chinthu chopanda umboni, iwo ankachifufuta osaphethira n'komwe. Atatsala pang'ono kugonekedwa m'chipatala anapempha kuti tsamba lina lichotsedwe, la kampani ya mamolo, zinyumba zamagalasi zija zokhala ndi masitolo ambirimbiri denga limodzi. Chifukwa chawo chinali chachifupi: zonse zolembedwa patsambalo n'zomwe kampaniyo imadzinenera yokha, palibe nyuzipepala kapena buku lomwe linailembapo mosatumidwa, ndipo kuchuluka kwa masitolo si mbiri.

Tsoka lake, Mzime ankagwira ntchito ku kampani yomweyo, mu ofesi yotsatsa malonda. Ndipo pakamwa pake ndi pomwe panamuika m'madzi. Tsiku lomwe bwana ankamenya tebulo kufunsa kuti wovutayu ndani, iye anadzitama kuti, "Ndi mayi anga amenewo, ndilankhula nawo." Kulankhula nawo kuti? Anazengereza, nazengereza, amayi n'kudwala, n'kutisiya.

Bwanayo anabwera kumaliro ndi chinkhata cha maluwa chonyamulidwa ndi anthu awiri. Atatha kupepesa anamukokera Mzime kuseri kwa galimoto.

"Pepa kwambiri mphwanga. Koma tsamba lija akuluakulu akulifuna. Wopempha akangolemba kuti wasintha maganizo, nkhani imathera pomwepo. Anzawo a pa intaneti sakudziwa kuti amwalira. Kompyuta yawo ili kunyumba, si choncho?"

Kenako, ngati wangokumbukira, anawonjezera kuti kontrakiti ya Mzime ikutha mwezi uno. Olemba anzawo a amayi ankakambirana pa intaneti za pempho lija, ndipo tsopano kunangotsala tsiku limodzi kuti kukambiranako kutsekedwe.

Chisamba anaika mabulangete pampando n'kudzaima kumbuyo kwake. Mzime anayesa kuphimba galasi ndi phewa, koma mlongo wake anali atawerenga kale. Pansi pa dzina la amayi panali mzere umodzi wosatumizidwa: Ndaganizanso bwino, tsambali likhale.

"Mayo ine! Ukuwalankhulitsa amayi ali m'manda?"

"Tsitsani mawu, ababa ali kuchipinda."

"Nditsitse chiyani? Dothi silinaume n'komwe, iwe wayamba kale kuwavala ngati jekete!"

"Inu mumalankhula chifukwa unamwino wanu palibe angakulandeni. Ine mkazi wanga ndi woyembekezera, mukudziwa. Akandichotsa ndilowera kuti? Ndibwere naye kwanu?"

"Bwera naye, mphika wanga ndi waukulu. Koma izi ayi."

Mzime anapukuta thukuta pamphumi ngakhale kunja kunali kozizira. Galasi linayambanso kuchita mdima, iye n'kulidzutsa msangamsanga. Ankaopa bwana, ankaopa mlongo wake, ankaopanso dzina la amayi lomwe linali pamwamba pa galasilo ngati likumuyang'ana.

"Achemwali, pali china simukudziwa," anatero motsitsa. "Tsambalo ndinalemba ndine."

"Iwe?"

"Anandituma kuofesi. Ndinagwiritsa ntchito dzina longopeka."

Chisamba anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye zija zoti paradaiso wa ogula, ndi nzeru zako zimenezo? Abale inu! Sukulu yonse ija."

"Sekani. Koma amayi sankadziwa. Akanadziwa kuti ndi langa, kuti ntchito yanga yagona pamenepo, akanalisiya. Ndi mayi anga, sakanandiponya m'moto. Ndiye ine sindikunama ayi, ndikungolemba zomwe akanalemba okha."

Mawuwo anawanena mwamphamvu chifukwa anali atawabwereza m'mutu mwake masiku onsewa mpaka kuwakhulupirira. Chisamba anangoyang'ana chala cha mlongo wake chikusendera pa batani lotumizira.

"Ankadziwa."

Onse awiri anatembenuka. Bambo awo anali pakhomo la chipinda, atavala juzi chosemphanitsa mabatani, ndevu zosameta. Kuyambira pomwe anabwera kuchokera kumanda anali asanalankhule mawu opitirira atatu.

"Ababa, mukuti bwanji?"

"Ndikuti mayi ako ankadziwa." Anayenda pang'onopang'ono n'kukhala pampando wa mabulangete uja, pamwamba pake pomwepo. "Anangowerenga ndime yoyamba n'kundiitana. Akuti, bwerani mudzaone, uyu ndi Mzime. Munthu amene anakugwira dzanja pophunzira kulemba ungamubisalire ndi dzina lopeka?"

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Ankadikira kuti uyambe ndiwe. Iwe ukabwera unkangofunsa za mankhwala n'kuthawa."

Kunja wina ankakweza mipando yobwereka m'galimoto, ikugundana.

"Usaganize kuti zinali zophweka," bambo anapitiriza. "Anandiyendetsa mayi ako. Ankati ndiwaperekeze ku laibulale komwe ankagwira kale, n'kuitanitsa nyuzipepala zakale, mitolo ndi mitolo. Fumbi linkawatsokomoletsa mpaka misozi, ine ndikati tiyeni tizipita ankandikalipira. Ankafuna nkhani imodzi yokha, yolembedwa ndi munthu wosalipidwa ndi kampani yanuyo, kuti tsamba lako lipulumuke. Anapeza zotsatsa malonda zokhazokha."

"Ndiye anangolipereka basi?"

"Tsiku lomaliza anakhala m'galimoto nthawi yaitali osatsika. Kenako akuti, bambo ake, ndachotsa masamba a ana a eni ake ambirimbiri. Ndikasiya ili chifukwa ndi la wanga, enawo ndinawachotsera chiyani?"

Mzime anayang'ana mzere wake uja. Unkaoneka wonyansa tsopano. Anayamba kuufufuta chilembo chimodzichimodzi mpaka pamalopo panayera. Foni inayambanso kunjenjemera. Ulendo uno anaitola.

"Bwana, pepani. Sindilemba."

Mawu a bwanayo ankamveka mpaka pomwe panali Chisamba. Mzime anamvetsera, akungoti inde bwana, ndamva bwana.

"Ayi, kompyuta ilipo, ndi yotsegula. Ndine amene sindikufuna. Eya. Lolemba ku ofesi kwanu, ndamva."

Anaika foniyo chafufumimba. Sanamve kupepuka kulikonse, tisanamizane. Ankaganiza za momwe akamuuzire mkazi wake. Chisamba anamugwira paphewa, iye osatembenuka. Chomwe chinkamudya kwambiri sichinali Lolemba.

"Ababa," anatero. "Ndiye kuti amayi anapita akuchita nane manyazi."

Bambo anayang'ana pansi, n'kuzindikira mabatani a juzi aja, n'kuyamba kuwamasula kuti awakonze.

"Tsiku lomwe anatumiza pempho lija anavala diresi yawo yabwino. Akuti tiyeni ku molo kwa mwana. Ine ndimvekere, mukufuna mukamenyedwe? Miyendo inali itayamba kale kutupa, koma anakwera mpaka pamwamba n'kutsamira chitsulo chija choonera pansi. Iwe unali pansipo, ukulongosolera anyamata poimika chikwangwani, ukuloza uku ndi uku. Ndinati ndikuitane, anandiletsa. Akuti ali pa ntchito, musamusokoneze."

Anamanga batani loyamba, kenako lachiwiri.

"Pafupi nafe panali mayi wina wosamudziwa, atanyamula majumbo ake, akudutsa. Mayi ako anamukoka dzanja la bulauzi mpaka anaima. Anamulozera pansi paja, akuti, amayi, mukumuona uyo akulamula anzakeyo? Ndi wanga ameneyo, womaliza."