Wamagetsi Woopa Mdima

Mumsewu monse ankawadziwa ndi dzina loti Amagetsi. Linali dzina labwino ndithu, lobweretsa ntchito pakhomo, koma likatuluka mkamwa mwa mwana wa mkazi wawo linkawalasa mumtima. Kamtsikanako kanawaona koyamba ali pamakwerero, akukonza waya wopserera m'nyumba ya mayi ake. Ukwati unachitika, nsapato zawo zinapeza malo kuseri kwa chitseko, koma dzina silinasunthe. "Amagetsi, tiyi wapsa." "Amagetsi, tandisongolerani pensulo." Mkazi wawo ankati asamukakamize mwanayo, ndipo iwo ankavomera ndi mutu. Koma mtima wawo unkalakalaka tsiku limene mwanayo adzawatchule kuti ababa.

Loweruka lina anatengana onse atatu kukaona mapanga a m'nkhalango yotetezedwa. Pachipata anawapatsa zipewa zolimba ndi malamulo: osathyola duwa, osakhudza mwala, osadyetsa anyani. Chipewa cha Amagetsi chinangokhala pansonga ya mutu ngati chivundikiro cha poto wina, moti mayi ndi mwana anaseka mpaka kugwirana.

Njira inadutsa pansi pa mitengo italiitali, n'kuwoloka kamtsinje pa kamlatho ka matabwa. Mwanayo ankathamangira agulugufe, kubwerera, n'kuthamanganso. Kenaka mphepo yozizira inawawomba kumaso, yonunkha mileme, ndipo mayi wotsogolera alendo anaima pakamwa pa phanga n'kuuza gulu lonse kuti liwerame.

Mkati munali zodabwitsa. Miyala inkalendewera kudenga ngati mawere a ng'ombe, madzi akudontha kunsonga kwake, tho, tho. Aliyense anali kukamwa yasa. Amagetsi okha maso anali pa mawaya oyenda m'mbali mwa khoma.

"Amene analumikiza apa ntchito amaidziwa," anatero.

"Inu, tabwera kudzaona miyala," anawadzudzula mkazi wawo. "Mawaya tawasiya kunyumba."

Sikuti mawayawo ankawakonda chotero ayi. Nkhani inali yoti bambo wamkuluyu, wandevu zake, wokwera mapolo anzake akunjenjemera pansi, ankaopa mdima koopsa. Kunyumba babu la pakhonde linkagona loyaka, ati akuliyesa ngati n'lolimba. Chaka chinatha akuliyesabe. Ndiye muno, pansi pa phiri, ankafuna atsimikize kuti magetsi sawachita chipongwe.

Anafika m'chipinda chachikulu ngati tchalitchi. Mayi wotsogolera uja anawomba m'manja kamodzi, phanga n'kuwomba kambirimbiri.

"Chipinda chino sichisunga chinsinsi," anatero akumwetulira. "Ukanong'ona, chimaulula. Tsopano mafoni ndi matochi m'thumba nonse. Ndizimitsa magetsi kuti muone mdima weniweni, umene unali muno anthu tisanabwere."

Amagetsi anatsegula pakamwa kuti afunse ngati zimenezo n'zofunikiradi, koma mayiyo anali atadina kale.

Kunada bii. Sunali mdima wa kunyumba, umene umakusiyirako kazenera kotuwa. Anayika dzanja pamphuno, osaliona. Thukuta linatsika pansi pa chipewa chija. Ankadziwa kuti pakangopita kanthawi akuwa, ndipo mwana uja adzawakumbukira moyo wake wonse ngati Amagetsi amene anakuwa m'phanga.

Pomwepo kadzanja kofunda kanafufuza pa malaya awo, kanatsika, n'kugwira zala zawo zolimba ndi mawaya.

"Musaope, ababa," kanawanong'oneza kamtsikanako. "Ndakugwirani."

Phanga silinachedwe. "Ababa... baba... ba..." Mawuwo anazungulira denga lonse n'kubwerera, ngati kuti miyala yonse yagwirizana kuti bamboyu asadzanene kuti sanamve bwino.

"Ababa ake a ndani akuopawo?" anafunsa munthu wina mumdimamo, gulu lonse n'kufa nacho chiseko. Phanga nalo linaseka nawo.

Magetsi atayaka, Amagetsi anali chiimire, masaya ali nyowe. Manyazi analipo, koma chimwemwe chinawaposa kutalitali.

"Mwatani kodi?" anafunsa mkazi wawo, chikhalirecho yankho akulidziwa, pakuti nawonso maso anali atafiira.

"Madzi a kudengawa," anayankha. "Amadontha paliponse."

Nanga bwanji ngati mawu aja anali a mumdima mokha, oti kukayera abwereranso ku dzina lakale? Anatembenukira kwa wotsogolera uja.

"Pepani mayi, tazimitsaninso pang'ono. Mdimawo sindinauone bwino."

Mkazi wawo anakhala pansi ndi kuseka, kuiwala kuti pansipo n'ponyowa. Mwanayo anawayang'ana bambowo kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, magetsi onse ali ngwee, anthu onse akumva.

"Ayi, ababa, tiyeni tizipita. Mungalirenso. Za babu la pakhonde lija ndimazidziwa."

Atatuluka anapeza anyani atatsegula chikwama chimene anasiya pa benchi, buledi yense atagawana. Mkazi wawo anakalipa, mlonda anathamangitsa anyaniwo, koma Amagetsi sanathandize nawo. Dzanja lawo lamanja linali likadali m'kadzanja ka mwanayo, ndipo analibe maganizo olipempha.