Theka la Piritsi la a Dailes

A Dailes, aneba anga, anali ndi kachitini ka mankhwala otsala kamene sankakasiya ngakhale popita kumaliro. Mutu ukawawa, kwa iwo. M'mimba mukapota, kwa iwo. Ku Chulu konse tinkawatcha adokotala, ndipo ankayankha osachita n'komwe manyazi.

Tsiku limenelo tinali pamzere wogula feteleza wa makuponi, dzuwa lili paliwombo. Mwana wanga Shalom, wa zaka ziwiri, ankangosanza kuyambira m'mawa.

"Amake Shalom, musavutike," anatero a Dailes akutsegula kachitini. "Aka kanandithandiza ndili ndi pakati. Mwana timangomubenthulira theka."

Anabenthula ndi mano. Theka lakelo, abale inu, linali pafupifupi piritsi lonse! Kachibenthu kotsala anandimangira pansonga ya chitenje.

Kusanza kunalekadi. Ndinabereka mwana, mzere n'kumasendera. Koma posakhalitsa ndinamva zachilendo kumsana. Mtima wa mwana wako umaudziwa, si umagunda pamsana pako tsiku lonse? Apa unkathamanga, n'kuima, n'kuthamanganso. Nditamutembenuza, mwana ali lefu, manja lende. Ndinachita mantha osasimbika. Ndinavula patapata imodzi, n'kuisiya pamzere kuti indisungire malo, ine pa kabaza ulendo wa kuchipatala.

Adokotala enieni, a Fundo, anamvetsera pachifuwa pa Shalom.

"Mwamupatsa chiyani, mayi?"

Ndinamasula kachibenthu kaja. Anapukusa mutu.

"Awa ndi a akuluakulu. Mankhwala ena oletsa kusanza amasokoneza kagundidwe ka mtima wa mwana, makamaka akatha madzi m'thupi. Mwachita bwino kuthamanga."

Anamuika diripi, n'kumabwera pafupipafupi kudzamvetsera. Ine kupemphera konse kumene ndinaiwala chikwatiwire kunabwerera. Dzuwa litapendeka, Shalom anatsegula maso n'kuyamba kulirira chitumbuwa cha mwana wa pabedi lina. Sindinasangalalepo chotero ndi umbombo wake.

"Mtima wabwerera m'malo," anatero a Fundo akuseka, "koma mugona konkuno timuone."

Kenako pakhomo panatulukira a Dailes, maso ali psuu, patapata yanga kumanja.

"Ndinaikankha ndi phazi mpaka kutsogolo," anatero, "koma akuti patapata saigulitsa feteleza."

Ndinali nditakonza mawu oti ndiwatsuke nawo, koma ndinangophulika kuseka.

"Nanga kachitini kaja?"

"Mapiritsi onse ali m'chimbudzi. Kachitini kokha ndasunga, n'kabwino mchere." Anayang'ana mwana. "Amake Shalom, ndingamugwireko?"

Anagwada pambali pa bedi, n'kuika khutu pachifuwa pa mwana. Anakhala choncho nthawi yaitali, misozi ikunyowetsa kamalaya.

"Ukugunda bwanji, adokotala?" ndinawafunsa.

"Bwinobwino, ngati munthu wosinja chimanga," anatero. "Koma dzina limenelo, chonde, lithere pompano."