Kalavani Yooneka Ngati Dzira

Mnyamata wina anatsika m'minibasi ya ku Antakya ali chimanjamanja, n'kulowa pabwalo logulitsira makalavani, tinyumba tokokedwa ndi galimoto, ngati akulowa kwawo. Sanapereke moni kwa aliyense. Analunjika pa kalavani yakale yooneka ngati dzira, yomwe ife tinali tikuizungulira kuyambira m'mawa, n'kuikapo dzanja monga mmene munthu amagwirira phewa la mnzake wodwala.

Mtima wanga unagunda. Sindikudziwa ngati anali maso ake otopa aja, kapena mantha akuti atilanda.

Malo ogona tinkawafuna msanga. Chichitikireni chivomezi chomwe chinagwetsa nyumba zambiri kwathuko, amayi sankalola kulowa pansi pa denga la konkire. Azakhali anatipatsa chipinda ku Arsuz, koma amayi ankangofika pakhomo n'kubwerera. Chilimwe chonse anathera m'tenti, osagona kwenikweni, galimoto ikangodutsa n'kudzambatuka. Tsopano mitambo inali itayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a Amanos, ndipo tentiyo inali itang'ambika kale.

"Takulandirani, achimwene," anatero a Rifat, eni bwalolo, akubwera ndi timatambula ta tiyi. "Paja ndinu ndani?"

"Kenan," anayankha atachedwa pang'ono.

"A Kenan, dziralo lili kale ndi olifuna. Kungoti a Nadir awa akulizungulira ngati nkhuku yosowa poikira."

"Ndikugula nyumba ine, Rifat, osati vwende," anatero a Nadir, bambo anga.

Bambo anali ndi mitima iwiri. Maso awo ankathamangira pa kalavani ina yamalata oyera, yaikulu, yonyezimira. Dzirali linali la faiba, ija amaumbira maboti, ndipo dzuwa linali litalisandutsa lachikasu.

"Atate," anatero Kenan, "musadzivute ndi iyi. Faiba ikakalamba imasweka. Mvula yoyamba mudzadzukira m'dziwe. Tengani yamalata ija."

"Nanga iwe waidzera chiyani, mwana wanga?"

"Ndikufuna kuweteramo nkhunda."

Atatero analowa m'katimo, ine n'kumulondola. Pakhomo anaweramitsa mutu osayang'ana n'komwe. Anadumpha malo ofewa a pansi, pomwe bambo anatsala pang'ono kubowola ndi phazi m'mawa uja. Kabati yomwe ine ndinalephera kutsegula, iye anangoinyamula pang'ono n'kukoka, basi tsegu!

"Achimwene," ndinanong'ona, "kabatiyo mwaidziwira kuti? Zakuuzani ndi nkhunda?"

Makutu ake anafiira. "Chemwali, mumafunsa ngati wapolisi."

"Inunso mumayankha ngati mbala."

Anafuna kuseka, koma anadziletsa. Anatuluka, ndipo ine ndinatsala ndikumupekera mbiri. Mwina akuthawa boma. Mwina anabisa mphete ya mkazi wina pansi pa bedi. Ganizo lachiwirili linandipweteka kuposa mmene linayenera.

Kunja mphepo inali itayamba kuulutsa mapepala. Bambo anali atasamukira pa yamalata ija, akuyeza khomo lake ndi mikono, a Rifat akuwatamandira sinki ndi firiji yake. Ndinawakoka jekete.

"Bambo, munthu uja akunama."

"Sevcan, mwana wanga, pabwalo pano aliyense akunama. Ndisankhe bodza lalikulu, tizikwanamo tonse." Kenako anacheuka. "Mayi ako ali kuti?"

Tinawafunafuna kuseri kwa makalavani onse, mpaka kumsewu. Anali Kenan amene anatikodola ali pazenera la dzira lija, chala chili pamilomo.

Amayi anali gone pabedi la m'katimo, nsapato zili kuphazi, mpango utasendera kumbali. Anali m'tulo tofa nato, masanasana, pansi pa denga lopindika lija lopanda mtanda, lopanda njerwa, lopanda chilichonse choti n'kuwagwera. Bambo anavula chipewa. Tonse tinayamba kulankhula motsitsa.

"Taonani zimenezo," ananong'ona a Rifat. "Kalavani iyi inali ya a Behzat, msodzi wa ku Samandağ. Chilimwe chilichonse ankagonamo ndi ana awo. Chivomezi chinawapeza m'nyumba, banja lonse linatsalira pansi. Anabwera nayo kuno ndi mlamu wawo."

Kenan anachoka pazenerapo n'kukaima kumpanda, atatifulatira. Anakhalitsa. Kumapiri kunagunda bingu, ndipo ndinaona amayi akugwedezeka pang'ono koma osadzuka.

Atabwerera, nkhope yake inali ina.

"Atate, ndakunamizani," anatero. "Yamalata ija ndi yolumikizalumikiza. Ikayenda m'misewu yathuyi, molumikizamo mumatseguka, madzi n'kuyamba kuoletsa matabwa m'kati mwa khoma inu osadziwa. Iyi anaiumba ngati boti. Chikasuchi ndi khungu chabe." Anagogoda khoma ndi chibakera, pang'onopang'ono kuti asadzutse amayi. "Mwamva? Palibe pomveka mphako. Musinthe mphira wa zenera lakumbuyo ndi thabwa la pakhomo. Zidzukulu zanu zidzagonamo."

"Ndikukhulupirire liti, iwe?" anafunsa bambo. "Pa nkhunda paja kapena pano?"

"Musandikhulupirire. A Rifat, ndibwerekeni ndowa. Chemwali, lowani mukagwire makoma."

Ndinalowa. Anakwera pampando n'kuyamba kukhuthulira madzi padenga, ndowa pambuyo pa ndowa. Ndinayendetsa zikhatho m'makoma onse, m'makona, kuseri kwa kabati. Gwaa, kouma. Pazenera lakumbuyo pokha ndi pomwe dontho linatsetsereka, pamalo enieni omwe ananena.

Phokoso la madzilo linawadzutsa amayi. Sanadzambatuke. Anayang'ana denga kwa kanthawi, kenako anaitana.

"A Nadir, ine muno sinditulukamo."

Bambo anagwirana chanza ndi a Rifat, n'kumakutumulana mkono monga amachitira amuna akagwirizana malonda. Pamene ndinkacheuka, Kenan anali atafika kale pageti. Amayi anatsika, nanyamula ndowa ija momwe munatsala madzi pang'ono, nawakhuthulira pansi kumbuyo kwake, monga timachitira munthu wathu akamanyamuka ulendo, kuti ayende ngati madzi ndipo adzabwerenso.

"Kenan, mwana wanga!" anaitana. "Kenan!"

Sanatembenuke. Sikuti ankanyoza. Ankangoyenda ngati amene akuitanidwayo ndi munthu wina.

Ndinathamanga n'kumupeza m'mphepete mwa msewu, madontho oyamba a mvula akugwa pafumbi.

"Achimwene, amayi akufuna kukupemphererani. Awauze Mulungu dzina liti? Lija si lanu."

Anayang'ana kalavani ija, kenako ine.

"Ndatopa ndi anthu ondilirira pamaso akangomva kuti ndine ndani," anatero. "Ndinabwera kudzaitenga. Koma ine ndikanamangokhalamo maso ali gwa. Mayi anu agonamo." Anapukuta mvula pamphumi. "A Rifat awonjeza munthu mmodzi pa akufa aja. Tsiku limenelo ine ndinali panyanja."

Minibasi inali ikubwera, ikuliza hutala.

"Ndiye ndikawauze kuti ndani?"

"Mukawauze kuti Timur. Timur, mwana wa a Behzat."