Sanda ya Mwanamvua

Gulu lawo linali la amayi asanu, ndipo dzina lakuti Tithandizane analipereka ndi Ajira mwiniwake, tsiku limene bungwe lobwereketsa ndalama kwa amayi osauka linafika kumidzi ya ku Makanjira. Lamulo la bungwelo linali losavuta kumva: mmodzi akalephera kubweza, onse asanu atsekeredwa, palibenso wolandira ngongole ina. Amayiwo anaombera m'manja. Masiku amenewo anthu ankaombera m'manja chilichonse chimene wanena munthu wovala tayi.

Ajira anali ndi ana atatu ndi mwamuna wa dzina lokha. Jaffalie anapita ku Joni kalekale, ndipo chimene chinabwerako ndi mbiri yoti anakwatira kumeneko. Ndi ngongole yoyamba ya ku bungwe lija Ajira ankagula usipa kudooko, kuwuyanika pathandala, n'kukweza madengu pa lole yopita ku boma. Sanalemere ayi, koma ana anasiya kugona ndi njala. Kenaka kunadza chilala, chimanga chinauma chisanamasule, ndipo aliyense m'mudzimo anadziwa kuti chaka chimenecho wodya ndi wokhala ndi ndalama m'manja. Ajira anali atabweza zake zonse, mpamba n'kuthera momwemo. Popanda ngongole yachiwiri, ana ake akanayamba kudya mizu.

Chomwe chinatsekereza anali Mwanabibi, mnzake wa kuubwana, amene anavinidwa naye limodzi. Iyeyu ankakazinga zitumbuwa, ndipo poyamba ankabweza bwino kuposa onse. Koma mwana wake Mwanamvua anabwerera kuchokera ku Monkey Bay kumene anakwatiwa, atatheratu thupi, akutsokomola, akudwala matenda aja amene anthu ankawatchula monong'ona. Mpamba wa zitumbuwa unathera m'maulendo a kuchipatala ndi kwa asing'anga. Mwanabibi anasiya kubwera kumsonkhano wa Lachinayi.

Woyang'anira magulu a dera limenelo anali Gilford, mnyamata wa ku Thyolo, Mkhristu, woyenda pa njinga yamoto yolira ngati ili ndi chifuwa. Sanali munthu woipa. Anali wamantha chabe, ndipo wamantha wokhala ndi mabwana amapweteka kuposa woipa.

“Amayi, ine ndine wotumidwa,” anatero pamsonkhano. “Mnzanuyo munamusankha nokha. Tipite kwawo tikaone chimene tingagulitse. Apo ayi, gulu lanu ndilitseka.”

Onse anayang'ana Ajira, poti ndiye anali wapampando, ndipo Ajira anadzuka n'kutsogola.

Anampeza Mwanabibi akusinja gaga pakhonde. Anawalonjera mmodzimmodzi monga mwa mwambo, n'kuwayalira mkeka, koma iwo sanakhale. M'nyumbamo munali miphika iwiri yobooka, mtsuko, ndi Mwanamvua atagona pamphasa kukhoma, maso okha ali mwaa. Chiwaya chokazingira chinali chitagulitsidwa kale. Ajira anamva mtima wake ukupepuka, poganiza kuti abwerera chimanjamanja ndipo mlandu sukhala wake.

Koma Gilford anakweza maso kudenga.

“Nanga m'dengu ilo muli chiyani?”

Analitsitsa yekha. Munali nsalu yoyera, yatsopano, yopindidwa bwino, pangodya pake atamangapo kachidutswa ka lubani. Nkhope ya mnyamatayo inawala.

“Eee, amayi! Mumati mulibe kanthu, chonsecho mwabisa bafuta yense uyu? Uyu yekha akwanira. Telala aliyense agula lero lomwe.”

Iye anaona bafuta, katundu wogulitsa. Kwawo ku Thyolo maliro amagona m'bokosi, ndiye akanadziwa bwanji? Koma amayi anayi amene anaima pakhomopo anali Asilamu obadwira momwemo, ndipo onse anadziwa kuti imeneyo ndi sanda, nsalu yokulungira mtembo. Ajira ndiye ankadziwa koposa, pakuti m'mudzimo mkazi akamwalira ankaitana iyeyo kukasambitsa. Anazindikira kumene ndalama zotsiriza za Mwanabibi zinapita. Mayi anali ataona kuti mwana wake sachira, n'kumugulira chovala chake chomaliza.

Mawu amodzi okha akanakwana. Gilford akanachita manyazi, akanaibweza nsaluyo m'dengu n'kupepesa. Ajira anatsegula pakamwa, koma anaona ana ake atatu atazungulira mbale yopanda kanthu, ndipo anatsekanso. Abiba, amene anali msungichuma wa gululo, anayang'ana pansi. Enanso awiri aja chimodzimodzi.

“Che Ajira,” anatero Mwanabibi chapansipansi, “inunso?”

Amene anayankha anali wodwala uja, ndi mawu ouma ochokera pamphasa. “Amama, asiyeni atenge. Sindinafe ine.”

Ajira anapinda nsalu ija ndi manja ake, n'kuisenza pamutu. Njira yonse anamva fungo la lubani, ndipo anadzida.

Anaigulitsa kwa Simioni, telala wa pamsika wa Makanjira, ndipo ngongole ya Mwanabibi inatsekeka. Gilford anawayamikira kuti ndi amayi olimba mtima, achitsanzo m'dera lonselo. Ajira sanapondenso pakhomo pa mnzakeyo. Popita kuchitsime ankazungulira njira ya kuseri kwa mzikiti, akumadziuza kuti akangolandira ngongole ija, akagulitsa madengu awiri oyamba, adzagula sanda ina n'kukaibweza mwakachetechete. Mulungu ndi wachifundo, mwanayo adikira.

Mwanayo sanadikire. Lachinayi limene Gilford anabwera ndi ndalama, amayiwo atakhala pansi pa mtengo wa mango pasukulu, Ajira atangomanga zake pangodya ya chitenje, kunamveka mfuu kuchokera kumunsi kwa mudzi. Sipanafunike wofunsa kuti ndi kwa yani.

“Innalillahi,” anatero Abiba, n'kugwira pakamwa.

Msilamu sagonetsa maliro. Akamwalira m'mawa, dzuwa likamapendeka amakhala ali m'manda. Ajira anayenera kuthamangira kusiwa kukasambitsa, koma akasambitsa n'kumukulunga m'chiyani? Anatembenuka, nalowa msewu wa ku Makanjira, dzuwa likuswa mtengo, mchenga ukuwotcha kumapazi.

Kwa Simioni anapeza malaya oyera atapachikidwa pachingwe, ang'onoang'ono, a ana a sukulu okaguba pa chikondwerero cha ufulu.

“Bafuta uja? Ndi ameneyo mukumuonayo, mayi,” anatero telalayo mokondwa. “Anali wabwino zedi. Mukapeza wina mubwere nayenso.”

Sitolo yokhala ndi nsalu inali m'kati mwa msika, ndipo pachipata panaima anyamata a chipani. Anafuna khadi la chipani. Khadi lake Ajira analisiya kunyumba, m'chitini cha mchere. Anawauza kuti kwawo kuli maliro, anawagwadira, koma mmodzi anangoti ngakhale maliro amadziwa kuti dziko lili ndi eni ake. Anayenera kugula khadi lina, ndipo wogulitsa makadiwo anali atapita kukadya. Ajira anakhala padzuwa n'kumaona mthunzi wa chipata ukutalika.

Mwini sitolo, a Uladi, anamumvera chisoni koma mtengo sanatsitse. Chilala chinali chitakweza zonse, ndipo sanda ya mkazi imadya nsalu yambiri, poti amakulungidwa kangapo. Ajira ankaidziwa miyeso yake pamtima, ndipo sanalole kuchepetsa ngakhale chikhatho chimodzi. Atamasula mfundo ya chitenje n'kulipira, zotsala sizikanagula ngakhale lichero la usipa. Anadziwa chimene wachita. Anadziwa kuti wagulitsa chakudya cha ana ake, koma miyendo inali itayamba kale kuthamanga.

Atatsala pang'ono kulowa m'mudzi anakumana ndi amuna akuchokera kumanda, ena atanyamula makasu, anayi atasenza jeneza, chonyamulira maliro, lopanda kanthu. Anapatuka n'kugwada m'mbali mwa njira. Amunawo anangomudutsa.

Abiba anamuchingamira pabwalo la siwa.

“Munali kuti, Che Ajira? Takudikirani mpaka a shehe atopa. Wasambitsa ndi mayi wake yekha.”

“Mwamukulunga m'chiyani?”

Abiba anazengereza. “Tinasomola matumba a ufa, n'kuchapa. Ena anapereka mipango yawo yoswalira kumzikiti. Tinalumikiza ndi singano. Kumapazi sikunafike bwino.”

Ajira analowa m'nyumba. Munadzaza amayi, ndipo anzake a m'gulu aja anakhala chakukhomo. Mwanabibi anali pamalo pomwe pankagona mwana wake, atatambalala, maso ouma. Ajira anayenda ndi mawondo mpaka pamapazi pake, natula mtolo uja, n'kuumasula. Nsalu inayera m'nyumba monse. Anafuna kunena zambiri, koma chinatuluka ndi kulira kokha.

Mwanabibi anaigwira nsaluyo, naipekesa pakati pa zala monga amachitira munthu wofuna kugula.

“Yabwino,” anatero. “Yoposa yanga ija. Mwagula ndi chiyani?”

Ajira anagwira pangodya ya chitenje chake.

“Ndi za bungwe zija mwalandira lero?”

Ajira anagwedeza mutu kuvomera.

“Nanga usipa mugula ndi chiyani? Lachinayi mubweza chiyani?”

Mwanabibi anapinda nsalu ija mosamala, mbali ndi mbali, naiika pamiyendo pa Ajira. Sanakalipe, ndipo Ajira akanakonda akanamutukwana kapena kumulavulira.

“Nyamulani, anzanga. Wanga wapita kale, sakumva kuzizira. Inu muli nawo atatu, ndipo chaka chino ndi choipa. Kaibiseni. Koma osati kudenga, amayambira kuyang'ana kumeneko.”

Ajira anadzuka, mtolo uli pachifuwa, natembenukira kukhomo. Abiba ndi anzake awiri aja anasendera kuti adutse. Iye anafunafuna maso awo, kuti mwina mmodzi amugwire dzanja, koma onse atatu sankayang'ana nkhope yake. Ankayang'ana nsalu.