Mutu Wometa Kale

A Aurora, mayi ake a Yonasi, anaikidwa ku Mualadzi chimanga chisanamasule. Tsiku lometa maliro litayandikira, amalume ake a Yonasi anakana kugwira lumo.

"Mwamuna wake ali moyo. Sitingamete iye asanamete. Kamtenge, Yonasi."

Mwamunayo anali a Silasi, bambo ake a Yonasi, amene anapita kukathyola tiyi ku Guruwe mwanayo akuyenda wopanda kabudula. Yonasi anasiya maphunziro a uphunzitsi ku Tete kuti adwazike mayi ake. Bambowo sanatumize ngakhale moni.

Yonasi anakwera njinga yamoto mpaka kumsewu, kabasi ka chapa mpaka ku Tete, kenako magalimoto ena mpaka msana kuuma. M'thumba munali lumo la amalume, lokulungidwa m'kansalu kong'amba pa chitenje cha malemu. Njira yonse ankanola mawu oti akawalase nawo bambo ake.

Ku Guruwe anafika kuli nkhungu. Itayera, anaona mapiri ataliatali, tiyi ali biriwiri kukwera zitunda. Kukongolako kunamuwawa: kodi si kumeneku kunameza bambo ake?

Mayi wina wobereka dengu anamulozera nyumba. Pakhonde panakhala nkhalamba yoonda, mutu wometa uli mbee, timabala ta lumo tisanapole.

Mawu aja anamuthawa onse. Ndiye kuti bambo anamva za maliro! Anamva, nalira okhaokha kuno. Yonasi anagwada.

"Bambo, ndine Yonasi. Anakuuzani ndani?"

Nkhalamba inamuyang'anitsitsa. "Yonasi? Watalika ngati amalume ako. Kundiuza chiyani?" Inadzisisita kumutu. "Izi? Ndi Adelaide, mkazi wanga wa kuno. Tameta dzana." Inatsokomola, n'kufunsa mwamanyazi: "Amayi ako ali bwanji? Akadali ndi kamwa lija?"

"Kamwa lija tinakwirira."

Anamasula kansalu, lumo n'kuonekera. A Silasi sanayang'ane lumolo. Anayang'ana maluwa achikasu ofwifwa a pansalupo.

"Chitenje ichi ndinamugulira ku Zambia, tili kothawa nkhondo. Anati ndasankha ngati wakhungu." Anasisita maluwawo ndi chala. "Miyendo iyi singandifikitse ku Mualadzi, mwanawe. Ndipo tsitsi ndilibe. Ndapereka kale kwa wina."

"Ndaona."

"Meta choncho."

Yonasi anatunga madzi m'chikho, nanyowetsa mutuwo. Unali waung'ono kuposa umene ankaukumbuka. Dzanja linkafuna kudinikiza lumo kuti magazi aoneke, koma linayenda pang'onopang'ono, mmene linkayendera posambitsa mayi ake. Mapewa a nkhalamba anayamba kunjenjemera.

"Musagwedezeke, bambo. Ndingakutemeni."

Chimene chinagwera pansalu chinali kafumbi kotuwa, kosadzaza ndi chikhadabo chomwe. Ameneyo ndiye anali mwamuna yense amene a Aurora anatsala naye. Yonasi anatchinjiriza mphepo ndi msana, namanga mfundo yolimba, kuti kumudzi akamete.