Kumeta Mapasa Mnzake

Lumo analowa m'chipatala cha odwala maganizo Lolemba m'mawa, chikwama cha zometera chili pakhwapa. Dzinali anampatsa ndi makasitomala. Munthuyu wameta mitu m'mayiko asanu ndi limodzi, ya akazembe ndi ya oyendetsa sitima, ndipo dzanja lake silinanjenjemerepo. Koma pachipata ichi ankaima kaye asanalowe.

"Malezala angati lero, bambo?" anafunsa namwino.

"Awiri, asisitala. Ena munawabisa inu, muli ndi ndevu kodi?"

Namwino anaseka, nalemba. Lumo sanaseke.

Pakhonde panakhala mapasa mnzake. Mphuno yomweyo, mpata wa mano womwewo. Kwa zaka zisanu ndi zitatu mbale wakeyo ankamva mawu omwe wina aliyense sankawamva. Dokotala anamuuzapo Lumo poyera kuti nthendayi, sikizofereniya, imayenda kumtundu. Mapasa ofanana wina akadwala, mnzake ali pachiopsezo chachikulu, ngakhale ambiri sadwala. "Nanga ana anga?" anafunsa Lumo tsiku lija. "Sitingalonjeze," anatero dokotala.

Kunyumba mkazi wake anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Iye ankangodziwa bodza lomwe anauzidwa: kuti Lolemba mwamuna wake amakanoletsa malumo, ndipo kuti alibe mbale.

"Wandichedwera, iwe," anatero wodwalayo. "Ona ndevuzi, ngati tsache."

"Tsache lili bwino. Weramutsa mutu."

Lumo anapaka thovu, nayamba kumeta. Khosi lomwe ankapalalo linali ngati lake lomwe. Wailesi itanong'ona kuseri kwa khoma, anaima, poopa kuti naye wayamba kumva mawu, mpaka ataona namwino akugwedeza mutu motsatira nyimboyo. Chakudza sichiimba ng'oma.

"Alamu ali bwanji? Unawauza kuti ndilipo?" anafunsa wodwalayo.

"Usayankhule, ndingakucheke."

Atamaliza, dzanja linachita zomwe lachita kwa zaka makumi awiri: linatulutsa kalilole kuti kasitomala adzione. Analakwa. Dokotala analetsa kalilole, pakuti mbale wakeyo ankati munthu wam'galasi amamutukwana.

Lumo anakumbukira mochedwa. Nkhope ziwiri zinali kale m'menemo, tsaya ndi tsaya.

Wodwalayo anayang'anitsitsa. Sanakuwe. Analoza m'galasimo ndi chala.

"Uyu akuopayu ndi ndani? Ine ndamwa mankhwala anga m'mawa, ndili bwino. Ndiwe, eti?"

Lumo anatsitsa kalilole. Foni inalira m'thumba. Anali mkazi wake.

"Bambo, mwana akumenya mateche kuno ngati akufuna kutuluka lero! Muli kuti?"

Bodza la masiku onse linali pamlomo, lokonzeka. Mbale wake ankamuyang'ana, thovu lotsala lili kukhutu.

"Mayi," anatero Lumo, "khalani kaye pampando. Pali munthu pano akufuna kukupatsani moni."

Anapereka foni. Wodwalayo anapukuta manja onse awiri pamalaya asanailandire.